Ampu yaing'ono ya tube yojambulira gitala kunyumba: Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa oimba gitala yamagetsi amene akufuna kujambula nyimbo kuchipinda kwawo popanda kuyambana ndi a neba, pomwe ndalama zili zoperewera. Pafupifupi aliyense amayamba ndi kufunsa za ma watt, ndipo ndi pomwepo pamene ndalama za ambiri zimalowa m'madzi.

Ampu ya 5W ndi yaing'ono ndithu. Kodi ndingaiimbe usiku anthu atagona?

Mukaitsegula yonse, ayi. M'nyumba ya mdadada simungaiimbe ngakhale masana. Khutu la munthu silimva mphamvu ya ampu monga manambala akuonekera pa katoni. Ma watt akawirikiza kawiri, phokoso limangokwera ndi 3 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), kusiyana kongomveka pang'ono. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza, ma watt ayenera kuchuluka kakhumi, kumene kuli kukwera ndi 10 dB. Ndiye kuti ampu ya 5W ikamalira ndi mphamvu zake zonse imamveka ngati theka la ampu ya 50W ija yoimbira pa siteji.

Onaninso sipika. Masipika a gitala a mainchesi 12 amatulutsa phokoso loyandikira 100 dB kuchokera ku watt imodzi yokha, mutaima mita imodzi kutsogolo kwake. Celestion Vintage 30, mwachitsanzo, amaiyeza 100 dB. Tingoyerekeza sipika ya 97 dB: pa 5W ikupatsani pafupifupi 104 dB, pa 1W ikupatsani 97 dB, ndipo mukatsitsa mpaka 0.1W mukadali pa 87 dB. Anthu awiri akamacheza bwinobwino pabalaza amakhala cha pa 60 dB. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pantchito, limati 85 dB isapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo pa 100 dB malire ake ndi mphindi 15 zokha. Choncho pogula musamangoona kuchepa kwa ma watt. Funsani njira zimene ampuyo ili nazo zochepetsera phokoso.

Nanga ya tube anthu amaikondera chiyani, poti ya transistor ndi yotchipa?

Mu ampu yaing'ono ya tube, kutanthauza mababu agalasi okuza mawu ngati a m'mawailesi akale a valve, mumakhala magawo awiri. Gawo loyamba limalandira timawu tofooka tochokera ku gitala n'kutikuza, ndipo tube yake kawirikawiri imakhala 12AX7, imene ku Ulaya amalemba ECC83. Gawo lachiwiri ndi lopereka mphamvu ku sipika, ndipo pa ampu za 4W kapena 5W pamakhala tube imodzi yokha, kawirikawiri EL84 kapena 6V6. Fender Champ, imene inayamba kupangidwa mu 1948, ndiye kholo la ampu zoterezi, ndipo ya mtundu wa 5F1 inali ndi batani limodzi la voliyumu basi.

Tube ikapanikizidwa kupyola mphamvu yake siphwanya mawu mwadzidzidzi. Imayamba yawafinya, kenako amasasa pang'onopang'ono, ngati mtsogoleri wa kwaya amene mawu ake amachita kukandapala akafika pa kolasi. Mukakhudza zingwe mofatsa mawu amatuluka oyera, mukamenya mwamphamvu amasasa, osakhudza batani lililonse. Woimba amazimva zimenezi m'zala mwake ndipo kaimbidwe kake kamasintha. Koma kukoma kumeneku kumabwera ampu ikamagwira ntchito yolemetsa, n'chifukwa chake ojambula nyimbo amafuna yaing'ono, yoti ifike msanga pamenepo.

Ndiye ndingaipanikize bwanji popanda phokoso?

Njira yoyamba ndi ampu yokhala ndi mabatani awiri, la gain ndi la master volume. Mumakweza gain kuti tube yoyamba ija isase, n'kutsitsa master. Zimagwira ntchito, ndipo kwa oimba rock yolemera n'zokwanira, chifukwa kusasa kwa nyimbo zimenezo kumachokera ku gawo loyambalo. Koma tube ya mphamvu imakhala ikungopuma, ndipo mawu pa voliyumu yotsika kwambiri amatha kumveka opyapyala, othetheka pamwamba.

Njira yachiwiri ndi siwichi yochepetsera mphamvu, imene ena amaitcha attenuator. Iyi imalola kuti ampu yonse igwire ntchito molimba koma ku sipika kufike mphamvu yochepa. Kwa ine, iyi ndiye njira yoyamba kuiyang'ana pa ampu ya kunyumba, ndipo siwichiyo ifike pa 0.1W kapena pafupi ndi pamenepo. Yongofika pa 1W imathandiza pang'ono chabe, monga manambala aja asonyezera.

Njira yachitatu ndi kuchotseratu sipika pa nkhaniyi. Ampu zina zili ndi bowo lolembedwa emulated out kapena headphones, limene limatulutsa mawu okonzedwa kuti afanane ndi a sipika, n'kupita nawo ku audio interface (kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta) kapena ku mahedifoni. Ampu yopanda bowo limeneli mutha kuigulira load box, monga Two Notes Torpedo Captor. Chipangizochi chimamwa mphamvu yonse ya ampu n'kuisandutsa kutentha, kenako mu kompyuta mumaikamo IR, yomwe ndi fayilo yaing'ono yosunga kamvekedwe ka sipika yeniyeni ndi maikolofoni yake. M'chipinda mumangomveka kulira kwa zingwe. Vuto lake ndi mtengo, chifukwa load box yabwino itha kufanana mtengo ndi ampu yotchipa imene mukufuna kuilumikizayo.

Tchulani mayina. Ndiyang'ane ziti?

Kumunsi kwa mitengo kuli Bugera V5 Infinium. Ndi ya 5W, ili ndi 12AX7 ndi EL84, sipika ya mainchesi 8, reverb (yochititsa mawu kumveka ngati ali m'holo), bowo la mahedifoni, ndi siwichi ya 5W, 1W ndi 0.1W. Munthu amene akugula ampu ya tube koyamba, ndalama zili zochepa, ndimamulozera imeneyi, chifukwa njira zonse zofunika zochepetsera phokoso zilimo. Pafupi nayo pali Harley Benton TUBE5, ya sitolo ya Thomann ku Germany, ndi Monoprice Stage Right ya 5W ya ku America. Ziwirizi zimagwiritsa ntchito 6V6 ndi sipika ya Celestion, koma siwichi yake imangotsika mpaka 1W.

Pakatikati pali ziwiri za 1W zochokera ku makampani a ku England. Blackstar HT-1R ili ndi ECC83 ndi ECC82, ndipo mukalumikiza mahedifoni sipika imakhala chete. Ya mtundu wa MkII ili ndi USB yolowera mu kompyuta mwachindunji. Kwa munthu wogona chipinda chimodzi ndi khanda, kapena wokhala m'kafulati ku London kapena ku Johannesburg, iyi ndiye yosavuta. Marshall DSL1 imatsika kuchoka pa 1W kufika pa 0.1W, ndipo ili ndi ma channel awiri, ina ya mawu oyera ina ya mawu osasa kwambiri. Ngati mtima wanu uli pa rock, yambani mwamva imeneyi.

Vox AC4 ndi ya 4W yokhala ndi EL84, ndipo mawu ake ndi owala, olira ngati kabelu pamwamba. Samalani ndi mitundu yake. AC4TV yakale ili ndi siwichi ya 4W, 1W ndi kota ya watt, pomwe AC4C1 ilibe siwichiyo, imadalira gain ndi voliyumu. Pa zogwiritsidwa kale ntchito mutha kukumananso ndi Epiphone Valve Junior, imene inatuluka mu 2005. Ndi yosavuta kukonza, koma ili ndi batani limodzi lokha, choncho siisasa mpaka nyumba yonse itagwedezeka. Popanda attenuator yapadera, si ya usiku.

Ndaona Orange Micro Terror pa mtengo wabwino ndipo akuti ili ndi tube. Ndi yomweyo?

Si yomweyo. Ili ndi 12AX7 imodzi ku gawo loyamba, koma gawo la mphamvu, la 20W, ndi la transistor. Ampu zoterezi amazitcha hybrid. Imalira bwino ndipo ndi yopepuka, koma ngati mukufuna kufinyika kuja kwa tube ya mphamvu simukupeza mmenemo. Wogulitsa akangoti "ili ndi tube", mufunseni dzina la tube ya ku output.

Ine ndimaimba nyimbo zauzimu, sungura ndi rumba. Kusasa sindikufuna. Kodi malangizo onsewa akundikhudza?

Akukukhudzani mwa mtundu wina. Zolemba zambiri za ampu zazing'ono zimachokera kwa oimba blues ndi rock, amene amasangalala ampu ikasasa msanga. Gitala ya sungura, ya rumba, ya reggae ndi ya kutchalitchi imafuna noti iliyonse imveke payokha, yoyera, ngakhale zala zikuthamanga kumunsi kwa khosi la gitala. Mukufunika ampu yokhala ndi mpata waukulu isanayambe kusasa, umene akatswiri amautcha headroom.

Ampu ya 1W mpata umenewu ndi wochepa, ndipo siwichi ya 0.1W imauchepetsanso. Inu tengani ya 5W, muisiye pa mphamvu yake yonse, mutsitse voliyumu basi. Pamenepo tube sizikupanikizidwa, mawu ndi oyera, phokoso ndi lochepa, ndipo maikolofoni ili pafupi idzawatola bwinobwino. Ngati thumba likulola, ya 15W ngati Laney Cub imakupatsani mpata wochuluka, ndipo ilinso ndi polowera pena potsitsa mphamvu kufika pansi pa 1W tsiku limene mwafuna kusasa. Pali kanjira kenanso kotchipa: 12AX7 imakuza mawu ka 100, pomwe 5751 imakuza ka 70 ndipo imalowa m'malo omwewo. Mukasinthanitsa, ampu imachedwa kusasa.

Sipika ikhale ya mainchesi angati?

Ya mainchesi 8 ili ndi phokoso locheperako, zomwe n'zabwino kunyumba, koma besi ilibe ndipo nthawi zina imamveka ngati ili m'katoni. Ya mainchesi 12 imadzaza mawu ndipo imajambulika bwino, koma ndi yaphokoso ndi yolemera. Ya mainchesi 10 ili pakati. Chimene ine ndimayang'ana ndi bowo la speaker out kumbuyo. Likakhalapo, mutha kugula ampu yotchipa lero, chaka chamawa n'kuilumikiza ku bokosi la sipika yaikulu, ndipo mudzadabwa kuti ndi ampu yomwe ija. Ingoonetsetsani kuti ma ohm akugwirizana. Pakalembedwa 8 ohm, sipika ikhale ya 8 ohm, ndipo waya wake ukhale wa sipika, osati chingwe cha gitala.

Bwanji ndingozula waya wa sipika kuti ikhale chete, ndijambule kuchokera kwina?

Musayese. Pakati pa tube ya mphamvu ndi sipika pali thiransifoma ya output, ndipo ampu ikamalira popanda sipika mphamvu imasowa kopita, imabwerera mu thiransifomamo n'kuboola zotchingira mawaya ake. Imeneyi ndi imodzi mwa zida zodula kwambiri mu ampu yonse. Pali ampu zochepa zimene zinapangidwa kuti zizitha kulira popanda sipika, koma chitani zimenezo pokhapokha buku la ampu yanu litanena choncho momveka bwino. Bowo la speaker out musalilumikizenso ku audio interface kapena ku mikisa. Mungaotche zonse ziwiri.

Maikolofoni ndigule iti, ndipo ndiike pati?

Shure SM57, imene inatuluka mu 1965, ndiyo imapezeka patsogolo pa ampu za gitala m'masitudiyo ambiri. Ndi ya mtundu wa dynamic, siifuna phantom power (magetsi amene maikolofoni ena amalandira kudzera m'chingwe chake), ndipo ikakhala pafupi ndi sipika siitola kwambiri tambala wa a neba kapena mvula pa malata. Zachinyengo zake zachuluka pamsika, choncho mtengo ukatsika modabwitsa kayikirani.

Kaikidwe kake n'kofunika kuposa dzina. Walitsani tochi pa nsalu ya kutsogolo kwa ampu kuti muone kabwalo kakang'ono kamene kali pakati pa sipika. Lozetsani maikolofoni m'mphepete mwa kabwalo kameneko, pa mtunda wa zala ziwiri kuchokera pa nsalu. Valani mahedifoni, wina aziimba, inu muzisuntha maikolofoni pang'onopang'ono. Mukapita pakatikati mawu amawala mpaka kubaya, mukapita m'mphepete mwa sipika amafewa n'kuda. Mukayandikitsa kwambiri besi imachuluka. Kusuntha kwa sentimita imodzi kumamveka kuposa kupotokola mabatani a treble.

Ampu muiike pampando, osati pa simenti, chifukwa pansi pamabweza mawu ndipo besi imadutsa mosavuta kupita kwa anzanu. Ena amaika sipika mu wodiropu yodzaza zovala n'kutseka chitseko, ndipo zimathandizadi. Koma tube zimatentha kwambiri, choncho mu wodiropumo mulowe bokosi la sipika lokha. Ampu yeniyeniyo ikhale panja pomwe mpweya ukudutsa, ndipo musaifunditse bulangeti.

Ndikatsitsa voliyumu mawu amamveka opyapyala. Kodi ampu yanga ili ndi vuto?

Mwina ilibe. Mu 1933 akatswiri awiri, Fletcher ndi Munson, anasonyeza kuti phokoso likachepa khutu la munthu limasiya kumva bwino mawu a besi. Maikolofoni ilibe vuto limeneli. Jambulani kaye, mukweze mu Reaper, FL Studio kapena pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito, ndipo muweruze zimene zajambulikazo.

M'bale wanga ali ku America akufuna kunditumizira. Pali choopsa?

Chilipo, ndipo ndi magetsi. Ku America amagwiritsa ntchito 120V pa 60 Hz, ku Japan 100V, pomwe ku Malawi, Zambia ndi South Africa ndi 230V pa 50 Hz. Chaja ya laputopu imalandira zonsezi, koma ampu zambiri za tube zili ndi thiransifoma yopangidwira mphamvu imodzi yokha. Mukailowetsa ya 120V pa soketi ya kuno ndi adaputa yongosintha mano a pulagi, fuzi ikachedwa kuduka, utsi utuluka. Imafunika step-down transformer yotsitsa 230V kufika pa 120V, imene ndi ndalama zina komanso katundu wina wolemera. Yochokera ku Britain ndiye yosavuta, chifukwa magetsi ndi ofanana ndipo pulagi yake ya mano atatu ndi yomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi. Ya ku South Africa mungosintha pulagi. Aliyense amene akutumiza ajambule kaye chithunzi cha zolembedwa kumbuyo kwa ampu, pafupi ndi polowera magetsi, muone nokha. Ngati ikubwera pa basi, tube zizulidwe n'kukulungidwa pazokha.

Magetsi akathima mwadzidzidzi ampu ili yoyaka, iwonongeka?

Kuthima kwenikweniko sikuiwononga. Choopsa ndi kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kulumpha kapena kuyaka n'kuthimanso. Akangothima zimitsani ampu ndi soketi yomwe, ndipo akabwera dikirani kaye akhazikike. Chotetezera cha mtundu wa fridge guard, chimene chimachedwetsa magetsi kulowa, chimathandiza. Ngati mumadalira sola ndi inveta, inveta ikhale ya pure sine wave. Ya modified sine wave imalowetsa phokoso long'ung'uza mu ampu ndipo imatenthetsa thiransifoma. Dziwaninso kuti 5W ija ndi yopita ku sipika. Ku khoma ampu imakoka yochuluka kuposa pamenepo, chifukwa tube zimafuna kutenthetsedwa nthawi yonse. Mukaiyatsa ipatseni mphindi imodzi musanayambe kuimba.

Ikung'ung'uza ngakhale sindikuimba. Ndiyambire pati?

Zulani chingwe cha gitala ku ampu. Phokoso likatha, vuto lili ku gitala kapena ku chingwe. Ma pickup (tizida totola mawu a zingwe pa gitala) a single coil, ngati a gitala ya Stratocaster, amatola phokoso la magetsi a m'nyumba, la mababu ena a LED ndi la machaja. Tembenukani muli pampando pomwepo gitala ili m'manja, mupeza mbali imene phokoso limachepa, ndipo jambulani mutayang'ana kumeneko. Phokoso likamabwera pokhapokha laputopu ili pa chaja, jambulani ili pa batire. Likapitirira gitala itazulidwa, kayikirani waya wa earth wa m'nyumba, tube yotopa kapena ma capacitor (tizida tosunga magetsi mu ampu) okalamba. Dzino la earth pa pulagi musalidule. Zingwe za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu, ndipo dzino limenelo ndi limene limakutetezani china chikalakwika m'katimo.

Ndikugula kwa munthu. Ndiyang'ane chiyani?

Ipempheni iyake kwa theka la ola, chifukwa mavuto ambiri amaonekera ikatentha. Suzumirani kumbuyo. Kuwala kofiirira pang'ono pakati pa tube n'kwabwinobwino, koma chitsulo chachikulu cha m'kati mwake chikafiira ngati khala, zimitsani msanga. Tube iliyonse imakhala ndi banga lonyezimira ngati siliva m'galasi mwake. Bangalo likayera ngati ufa, mpweya walowa ndipo tube yafa. Gogodani galasi mopepuka ndi pensulo, ndipo ikalira kwambiri pa sipika kapena kuyamba kulira likhweru, ikufunika kusintha. Potokolani batani lililonse mumve ngati likuthetheka, imbani noti za besi mumve ngati sipika ikukhula, ndipo nunkhizani ku thiransifoma ngati kuli fungo la kupsa. Tsegulaninso pokhala fuzi. Mukapeza waya kapena kapepala ka siliva m'malo mwa fuzi, ampuyo inali ndi vuto limene wina anangolibisa.

Tube zikatha ndizipeza kuti, ndipo akonze ndani?

Mafakitale opanga tube atsala ochepa padziko. Kuli JJ Electronic ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia imene imapanga za Electro-Harmonix, Sovtek ndi Tung-Sol, ndi ena ku China. Mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, tube zinasowa ndipo mitengo inakwera. Choncho pogula ampu guliranitu 12AX7 imodzi ndi tube imodzi ya mphamvu, musunge. 12AX7 imakhala zaka zambiri, ya mphamvu ndiyo imatha msanga. EL84 ndi 6V6 zimapezeka mosavuta kuposa 12BH7 imene ili mu Blackstar HT-5, ndipo zimenezi ziganizireni ngati mukukhala kutali ndi masitolo a zida zoimbira.

Ampu zambiri za tube imodzi ya mphamvu zimadzikonzera zokha bias, mlingo wa magetsi odutsa mu tube, choncho mumangozimitsa, kudikira izizire, kuzula yakale n'kulowetsa yatsopano. Kupitirira pamenepo musalowetse dzanja. M'kati mumayenda magetsi opitirira 250V, ndipo ma capacitor amawasunga ngakhale pulagi itazulidwa. Ipititseni kwa mmisiri wodziwa, ndipo akuluakulu amene anakonzapo mawailesi akale a valve amazidziwa bwino. Ampu yosavuta ngati Champ kapena Valve Junior mmisiri atha kuitsata waya ndi waya, pomwe yokhala ndi USB ndi reverb ya digito ikafa mbali imeneyo kawirikawiri imafuna bolodi yatsopano yochokera kunja.

Kunena zoona, kodi ndikufunikadi ampu ya tube?

Ngati nthawi yanu yojambula ndi pakati pa usiku pokha, ndipo mulibe audio interface ndi mahedifoni abwino, yambani ndi zimenezo. Pulogalamu ya Neural Amp Modeler ndi yaulere, imatengera kamvekedwe ka ampu zenizeni, ndipo gitala ikasakanizidwa ndi ng'oma, besi ndi mawu a woimba, omvera ambiri sangasiyanitse. Ampu ya tube muigule chifukwa mumaimba bwino mukamamva sipika ikukankha mpweya pafupi nanu, ndipo muli ndi ola limodzi kapena awiri masana pamene phokoso pang'ono silikwiyitsa munthu.

Ndingapitenso nayo kutchalitchi kapena ku pulakatisi ya bandi?

Ya 1W woimba ng'oma adzaimeza. Ya 5W yokhala ndi sipika ya mainchesi 12 itha kumveka pa pulakatisi ya bandi yofatsa, koma idzakhala itasasa kale, choncho mawu oyera musayembekezere. Kutchalitchi kumene kuli mikisa ndi masipika akuluakulu, ikani ampuyo pampando moyang'ana inu, SM57 patsogolo pake, ndipo wa pa mikisa akweze yekha kupita kwa anthu.